Maso Si Nyama

M'mudzi muno akuti ndinawadyetsa khuzumule amuna anga. Akuti a Hamidu, munthu amene kwa zaka makumi atatu ankagona kutchire kuti nkhuku za anthu zigone mwamtendere, sakanasiya mfuti mwa iwo okha. Chilipo chimene mkazi uja Maimuna anathira m'ndiwo. Amanena pachitsime, amanena pamaliro, ndipo ndikatulukira amasintha nkhani n'kuyamba kudandaula za mtengo wa feteleza. Ndatopa nazo. Ndifotokoza kuti a Hamidu ndi munthu wotani ndi chimene ndinawachita, kuti ondinenawo azindinena ndi nkhani yoona.

A Hamidu anabadwira kuno cha ku Kanyenda, nyanja ili pakhomo, koma sanakhalepo msodzi. Ankati akangokwera bwato m'mimba munkawatembenuka, ndipo anzawo ankabwerera nawo kumtunda atagona pansi ngati thumba la chinangwa. Abambo awo atawalephera, anawapereka kwa amalume awo amene anali mlenje. Kumeneko ndiye kunapezeka mutu wawo. Amalumewo pomwalira anawasiyira mfuti ya chifefe ndi mapepala ake, ndipo chaka ndi chaka a Hamidu ankavala mkanjo woyera n'kupita ku Boma kukakonzetsa mapepalawo. M'nkhalango yotetezedwa sanapondemo. Kwawo kunali m'minda ya chinangwa, m'mphepete mwa madambo a mpunga, ndi kuseri kwa makola a anthu.

Ine anandikwatira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo amayi anga anandiuza kuti ndachita mwayi chifukwa mkazi wa mlenje sadya masamba. Linali bodza. Chigwada chimene ndadya m'banja lino chikhoza kudzaza lole.

Chifukwa chake chinali lamulo lawo. Usiku, ukawalitsa tochi kutchire, chimene umayamba kuona ndi maso awiri onyezimira. Gwape ali nawo, nkhandwe ili nawo, mphaka, mbuzi yosochera, mwana wa ng'ombe, zonsezo zili nawo. Alenje ambiri akaona masowo amalunjika pakati pake basi, nkhani n'kuthera pomwepo. A Hamidu ayi. Iwo ankati, "Maso si nyama. Nyama ndi makutu, msana ndi mchira." Asanaone zitatuzo chala chawo sichinkayandikira n'komwe pokhethemulira. Akaziona, ankayang'ananso chimene chili kuseri kwa nyamayo, kaya ndi chulu, kaya njira, kaya nyumba ya munthu. Pofika pomaliza zonsezo, nthawi zambiri gwape ankakhala atatopa kudikira.

Ndinkakalipa. Munthu wachoka anthu akugona, wabwera atambala akulira, miyendo ili mbuu ndi mame ndi matope, m'manja mulibe kanthu. Ndikafunsa ankati, "Ndinaona maso anayi, koma makutu sanaoneke."

"Makutuwo timadya?" ndinkatero.

Tsiku lina anandiyankha modekha, akutsuka mfuti pakhonde. "Make Tatu, ine ndisanawombere ndimati Bisimila. Mukufuna nditchule dzina la Mulungu pa chinthu chimene sindikuchidziwa?"

Ndinalowa m'nyumba ndikung'ung'udza. Koma kuyambira tsikulo ndinkawanyadira mobisa. Gwape akamugwetsa ankathamanga ndi mpeni kukamuzinga mwachisilamu. Nguluwe ikavuta m'chinangwa ankaipha, osaikhudza, n'kukagogoda kwa aneba athu achikhristu, a Timoteyo ndi akazi awo a Sara, kuti akatenge ndiwo zawo. Nkhandwe sankadya, komabe ndi imene inawapatsa dzina, chifukwa kuno nkhandwe ikazolowera khola imatha abakha onse sabata imodzi, ndipo ina imabwera ndi chiwewe. Aliyense amene walira kuti nkhuku zatha, ankalirira pakhomo pathu.

Kudzitama analinso nako, ndisawabisire. Chaka china mnyamata wina, Maganizo, anabwereka mfuti kwina n'kuwombera maso awiri m'dambo. Kutacha anapeza kuti wapha mwana wa ng'ombe wa mlamu wake. A Hamidu anamuimika pansi pa mtengo wa mango, anthu atazungulira, n'kumufunsa, "Unaona makutu?" Iye anati ayi. "Unaona msana?" Ayi. "Ndiye unawombera chiyani?" Maganizo anangoti zyoli. A Hamidu anamuuza kuti munthu wowombera maso ndi wakupha amene sanapezebe womupha, ndipo anthu anawomba m'manja. Ine ndinawombanso nawo.

Ng'ala inayamba zaka zinayi zapitazo. Sinabwere tsiku limodzi. Ndinayamba kuona kuti akamathira tiyi, wina akutayikira pambali pa kapu. Kenako anapereka moni kwa chitsa cha nthochi, ndipo atazindikira anakhosomola ngati sanalankhule. Ankatsegula msahafu, buku la Korani, m'mawa n'kumawerenga bwinobwino ndi mawu awo okoma aja, koma tsamba osalitembenuza. Zonse zinkachokera pamtima. Ndikayang'ana m'maso mwawo padzuwa, kamwanadiso kanali kotuwa ngati madzi otsukira mpunga.

Iwo anati vuto ndi tochi. Anagula ina. Kenako anati vuto ndi mabatire, akuti a masiku ano ndi achinyengo. Anagula tochi yotchaja, ya pamutu, yowala ngati galimoto. Pakutha pa chaka tinali ndi matochi anayi m'nyumba, onse abwinobwino, ndipo onse anali olakwa.

Ndinawauza kuti madokotala a maso amabwera ku Boma, amachotsa ng'ala, anthu amachira. Anandiyankha kuti diso si chithupsa choti munthu azilicheka ndi mpeni. Ndinabwereza, ndinabwerezanso. Anati ndikuwafunira ukalamba.

Ndiye kunabwera za galu. M'mawa wina a Sara anafika kuseri kwa nyumba ndikusesa, n'kundikodola osalankhula. Tinayenda mpaka kumalire a munda wawo ndi wathu. Pamenepo panagona Zaone, galu wawo wofiirira amene anakhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri, nthiti zili zoboolekabooleka ndi tizitsulo ta chifefe. M'mudzi monse chifefe chinali chimodzi.

"Amake Tatu, ine mlandu sindikuufuna," anatero a Sara. "Amuna anuwa atithandiza zambiri. Tikwirire kuno, a Timoteyo ndikawauza kuti wasowa. Koma lero ndi galu."

Tinakumba awiri. Ine ndinkakumba ndi mkwiyo, moti khasu linaguluka kawiri.

Nditafika kunyumba ndinawapeza a Hamidu akumwa tiyi. Ndinawafunsa ngati usikuwo anawombera.

"Nkhandwe," anatero. "Yathawa ndi bala."

"Munaiona bwinobwino?"

"Ine mukundifunsa zimenezo?"

"Munaona makutu?"

"Ndinaona."

"Mchira?"

"Ndinaona. Wautali, wowirira ubweya, ukukwekwereza pansi."

"Bambo a Tatu," ndinatero, "amene mwapha ndi Zaone wa a Sara. Zaone analibe mchira. Anamudula ali kagalu, ndipo mpeni wake anabwereka kwa inu."

Kapu anaiika pansi pang'onopang'ono. Ndinayembekeza kuti agwa nkhope, anene kuti alakwa. M'malo mwake anandiuza kuti galu woyenda usiku m'munda mwa eni ndi nkhandwe basi, ndiponso kuti kuyambira kalekale mkazi salowerera nkhani za mfuti. Zimene zinandipweteka si galu ayi. Munthu uyu sanandinamizepo chikwatirane. Tsopano anali atayamba kuona michira imene kulibe, n'kumaifotokoza ndi ubweya womwe.

Ndinayesa njira zonse zimene mkazi amayesa. Ndinabisa zipolopolo m'thumba la mpunga; anali ndi zina m'denga. Ndinapita kwa achimwene awo aakulu, amene anandiuza kuti munthu wamkulu sachititsidwa manyazi, ndipo banja ndi kupirira. Ndinapita kwa ankhoswe, iwo anaseka n'kunena kuti a Hamidu akhoza kuwombera nkhandwe atatsinzina. Ndinaganizapo zokanena kupolisi, koma mkazi amene wapereka mwamuna wake kupolisi amakhala kuti pambuyo pake? Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinatsina mpaka zala zanga kupweteka.

Ndipo anthu omwewo, amene lero akuti ndine mfiti, ndi amene ankabwera pakhomo kudzawatumiza. Ankaona ndithu kuti munthuyu akupapasa pofuna nsapato zake pakhomo pa mzikiti. Ankaona. Koma bakha wawo akagwidwa, ankafika ndi mawu a uchi: "A Hamidu, m'dera lino mlenje ndinu nokha. Enawa ndi ana." Mkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi n'kumafufuma ngati finye. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zomanga khola lolimba. Kunali kotchipa kutuma wakhungu ndi mfuti.

Tsopano ndinene za Tatu. Ana ndinabereka anayi, atatu ndinaika m'manda ali aang'ono, anatsala Tatu yekha. Ndi mayi wamkulu tsopano, ukwati wake unatha, anabwerera pakhomo, ndipo amachita geni ya usipa. Amadzuka kusanache, azana ya Subuhi, yoitanira swala ya mbandakucha, isanamveke, n'kupita kudoko kukadikira mabwato kuti apeze nsomba anzake asanamutsogolere. Njira yachidule yopita kudoko imadutsa pakati pa munda wathu wa chinangwa. Nthawi imeneyo ndi yomwenso nkhandwe imabwerera kuchokera m'makola, ndipo ndi yomwenso abambo ake ankaidikirira.

Mwezi wa Juni, kukuzizira, Tatu anagula nsapato zothamangira pa kaunjika, zofiira, kumbuyo kwa chidendene chilichonse kuli kansalu kozungulira kotuwa. Masana sikankaoneka ngati kanthu. Mbandakucha wina ndinatuluka kukataya madzi, tochi ili m'manja, Tatu atangochoka kumene. Ndinawalitsa cha kunjira, ndipo ndinaona maso awiri m'munsi mwa chinangwa, akunyezimira, akuphethira. Ndinatsala pang'ono kukuwa kuti nkhandwe. Kenako masowo anayamba kusinthana, lina kutsogolo lina kumbuyo, ndipo pamwamba pake ndinaona beseni. Anali mwana wanga. Ine ndili ndi maso abwino, ndipo ndinanamizika.

Madzulo ndinamuuza kuti nsapatozo azisiye. Anaseka.

"Amama, ababa sawombera maso. Dziko lonse likudziwa."

Ndinamuuza za Zaone. Anasiya kuseka, koma anati galu ndi galu, munthu ndi munthu. Abambo ake sangalephere kusiyanitsa. Ndinati azidzera kumsewu. Anati kumsewu n'kutali, akafika nsomba zitatha. Ndinapita kwa a Hamidu, ndinawauza zimene ndinaona. Anandiyang'ana ndi maso awo otuwawo n'kunena, "Mukuganiza kuti ine ndingawombere nsapato?"

Usiku umenewo sindinagone. Ndikanatha kuziponya nsapatozo m'chimbudzi, zoona. Koma mawa likanakhala galasi la wotchi ya munthu, kapena foni ya wina amene wapatuka kukadzithandiza m'chinangwa, kapena mwana wa mnzanga. Vuto silinali nsapato. Ndinaona kuti munthuyu pakamwa panga sadzamva, adzamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo mutuwo sudzakhala wake.

Masiku amenewo nkhandwe inali itayamba abakha a achimwene awo aja, omwe anandiuza zopirira. Lachitatu madzulo a Hamidu anatsuka mfuti n'kutchaja tochi, ndipo ndinadziwa kuti atuluka. Atapita kumzikiti kukaswali Isha, swala ya usiku, ndinamuuza Tatu kuti thupi silili bwino, mawa asapite kudoko, andithandize pakhomo. Anang'ung'udza koma anavomera. Atalowa m'kanyumba kake, ndinatenga nsapato zija pakhonde.

Ndinapita nazo m'munda, pamene nkhandwe imakonda kudutsa. Ndinazimangirira ndi luzi pa tsinde la chinangwa, moyandikana, zidendene zitayang'ana kumene a Hamidu amabisala, msinkhu wofika m'bondo. Ndinasankha pamene kuseri kwake kuli chulu chachikulu, kuti chotuluka mumfuti chikathere m'dothi. Zimenezo anandiphunzitsa ndi iwo omwe. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinawalitsa tochi. Anali maso enieni, ndipo kamphepo kakagwedeza masamba, ankaphethira. Pobwerera ndinakoka chitseko cha Tatu n'kuchimanga kunja ndi waya, kuopa kuti angasinthe maganizo.

Iwo anatuluka pakati pa usiku. Ine ndinakhala pamphasa n'kumapempha Mulungu chinthu chimodzi chokha, kuti mfutiyo isalire. Ndinkafuna ndikhale wolakwa. Ndinkafuna abwere akuseka, nsapato zili m'manja, andinene kuti ndine mkazi wopusa. Ndikanavomera, ndikanawapepesa nditagwada.

Tambala woyamba analira. Wachiwiri analira. Pa nthawi yeniyeni imene Tatu amatseka chitseko n'kusenza beseni, mfuti inalira.

Sindinalire. Ndinangomva thupi lonse kutentha, ngati ndamwa madzi owira.

Anafika patapita kanthawi, akupuma mwachimwemwe. "Ndaipeza," anatero. "Inaima n'kumandiyang'ana. Diso limodzi lazima pomwepo. Ikhala yagwera pafupi, tikaiona kukayera." Anapachika mfuti, anatawaza kumaso, manja ndi mapazi, anapita kukaswali. Pakhomo pa Tatu sanayang'anepo. M'maganizo mwawo mwanayo anali atapita kale kudoko monga mwa masiku onse.

Atabwerako kumzikiti kunja kunali kutayera. Anatenga mfuti, ndipo ine ndinati ndipita nawo. Anadabwa, koma anakondwa, poti ankafuna mboni. M'njira monse ankandifotokozera za nkhandweyo, kukula kwake, m'mene inaimira. Ine ndinkangotsatira m'mbuyo.

Titafika anayamba kuyang'ana magazi, atawerama kwambiri, nkhope pafupi ndi dothi. Nsapato imodzi inali idakali pa tsinde paja, kuseri kwa masamba. Inayo chifefe chinaidula pa luzi n'kuiponyera mu mzere, chidendene chitanyenyeka. Anaiponda ndi phazi. Anaitola, anaipapasa, anaibweretsa pafupi ndi diso lawo lamanzere limene linkaonako pang'ono. Kenako anainunkhiza. Nsapato za Tatu zimanunkha usipa ngakhale uzichape ndi sopo wanji.

Mfuti inagwa pansi. Sanakuwe poyamba. Anangoti, "Tatu," motsitsa, monga amamuitanira akafuna madzi. Kenako anagwada n'kuyamba kukwawa, manja akupapasa m'mizere, akukankha masamba, akuitana. Anadutsa mzere woyamba. Anadutsa wachiwiri. Mawu anayamba kukwera ndi kusweka. "Tatu, mwana wanga, yankha. Ndine ababa. Yankha." Chisoti chinakodwa pa nthambi n'kugwa, iwo osachimva. Maondo a mkanjo anada ndi dothi.

Ine ndinaima pomwepo, manja kumbuyo. Mawu anali pakamwa, ndipo ndinawagwira. Ndinena zoona, chifukwa ndalonjeza zoona: sindinangokhala chete kuti aphunzire. Ndinali wokwiya. Ndinkakumbukira matochi anayi aja, mchira wa Zaone, achimwene awo ndi kupirira kwawo, m'mawa uliwonse umene ndinkamvetsera mapazi a mwana wanga akulowa m'chinangwa mtima uli m'mwamba. Ndinkafuna alaweko. Ndinawerenga mizere imene anakwawa, ndipo inakwana isanu ndi umodzi.

Pa mzere wachisanu ndi chimodzi anagwa chafufumimba n'kuyamba kulira ngati mwana. M'banja lathu lonse, ngakhale pa maliro atatu aja, sindinawamvepo akulira choncho.

"Tatu ali kunyumba," ndinatero. "Akugona. Ndamutsekera ndine."

Kulira kunaleka. Ndinapita, ndinawagwira dzanja, ndinawadzutsa n'kuwatengera pa tsinde paja. Ndinagwiritsa zala zawo nsapato inayo, ndi luzi, ndi mfundo imene ndinamanga. Anaipapasa mfundoyo nthawi yaitali. Amaidziwa, ndi imene ndimamangira nkhuni.

"Munaona makutu?" ndinafunsa.

Anapitiriza kupapasa mfundoyo.

"Munati Bisimila?"

"Ndinati," anatero, mawu ali pansi.

"Pa chiyani?"

Anakhala pansi pamzere, nsapato yonyenyeka ija ili pamiyendo. Dzuwa linakwera, anthu anayamba kudutsa ndi makasu, ndipo ine ndinatola mfuti n'kuifunditsa chitenje kuti asaone. Titafika kunyumba Tatu anali akumenya chitseko, akufunsa kuti wamutsekera ndani. A Hamidu anamasula okha waya uja. Mwanayo atatuluka anamugwira nkhope ndi manja awiri, anamupapasa mphuno, makutu, mapewa, kenako analowa m'nyumba.

Lolemba lotsatira anavala mkanjo woyera, anakulunga mfuti m'chiguduli pamodzi ndi mapepala ake ndi zipolopolo zonse, za m'denga zomwe, anakwera minibasi n'kukazipereka kupolisi. Atabwera anapita kwa a Timoteyo kukaulula za galu. Patatha miyezi iwiri madokotala a maso anabwera, ndipo a Hamidu anamupempha Tatu, osati ine, kuti awaperekeze. Diso lamanzere linachira bwino. Lamanja anati linachedwa.

Ine sanandilankhule miyezi itatu, kupatula zofunsa madzi osamba. Sanandikalipire, sananditukwane, sanauzeko munthu chimene ndinachita. Ndikanakonda akanandikalipira. Tatu nayenso anandikwiyira sabata zingapo. Anati chimene ndinawachita abambo ake ngakhale mdani sachita. Mwina akunena zoona. Koma akunena ali moyo.

Nkhandwe zikudyabe abakha. Achimwene awo aja anataya asanu ndi atatu asanaganize zogula waya wa khola, ndipo ndi iwo amene anayambitsa nkhani ya khuzumule. Anthu amabwerabe kudzawanyengerera a Hamidu kuti, poti diso lachira, akatengenso mfuti. Iwo amangopukusa mutu. Maganizo, amene tsopano ndi bambo wa ana atatu ndipo ali ndi mfuti yakeyake ya mapepala, anabwera tsiku lina kudzapempha kuti amuphunzitse. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ndinamva a Hamidu akumuuza za makutu, msana ndi mchira, kenako anawonjezera chachinayi chimene sindinachimvepo: tsiku limene udzayambe kunena kuti tochi yafooka, ukafunse mkazi wako ngati yafookadi. Anamupepesanso za pansi pa mango paja. Maganizo anasowa poyang'ana.

Masiku ano a Hamidu amadzuka limodzi ndi Tatu. Amatenga imodzi mwa matochi anayi aja, n'kumuperekeza kudutsa m'chinangwa mpaka kudoko, kuwala ataloza pansi, akulankhula mokweza nkhani zopanda mutu, za mvula, za mitengo ya usipa, kuti ngati muli wina wobisala ndi mfuti adziwe kuti kukubwera anthu. Akatero amabwerera kukaswali. Anthu amaseka kuti mlenje wasanduka mlonda wa beseni. Asekeni, abakha ake ndi anu.

Za tsiku lija anazitchula kamodzi kokha. Kunali chaka chatha, tikusenda chinangwa choti tikaviike, tili awiri. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Make Tatu, mizere isanu ndi umodzi."

Mpeni unaima m'manja mwanga. Sindinkadziwa kuti nawonso ankawerenga.

"Umodzi sukanakwana?" anafunsa.

Ndinawayankha kuti sukanakwana. Ndinayankha msanga, mwaukali, ndipo aliyense amene angandifunse lero ndimuyankha chimodzimodzi. Iwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kusenda.

Munda uja timalimabe. Nthawi yopalira ikafika, mzere woyamba pafupi ndi chulu ndimapalira ndekha bwinobwino. Isanu inayo ndimamuuza Tatu kuti msana wandivuta.